Mphira Imene Ndinakwirira ku Muthaiga

Kulemba ndaphunzira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya kwacha ya pa tchalitchi pathu. Aphunzitsi athu, amene ndi aang'ono kwa mwana wanga woyamba, anatiuza kuti aliyense alembe za ntchito imene anagwirapo. Anzanga analemba za fodya ndi za ulonda, anawachongera, nkhani n'kutha. Ine kope langa ndakhala nalo nyengo ziwiri zachisanu, ndipo sindikuganiza kuti ndidzalipereka.

Ndine pulambala. Ntchitoyi ndinaiphunzirira ku Ndirande ponyamulira ena zipangizo, mpaka panalibe mpopi wodontha umene unkandikanika. Aliyense wa kumeneko amadziwa mankhwala a paipi yong'aluka. Umang'amba chubu chakale cha njinga, mphirayo n'kuikulunga mokoka ndithu, pamwamba n'kumangapo waya. Paipi yotere imatha zaka. Ndinamanga zambiri, ndipo anthu ankandiyamika kuti ndili ndi dzanja.

Amene ananditengera ku Nairobi ndi a Chikopa, mnzanga wa kwathu ku Chiradzulu. Iwo anapitako ndi anthu a mishoni kukamanga nyumba, ntchito itatha anatsalira, n'kulowa pa kampani ina yaing'ono yoika mapaipi m'nyumba za anthu olemera. Atamva kuti akufuna munthu wina, ananditumizira uthenga. Mayi a kunyumba anandikazingira mtedza wodzaza jumbo, ndipo ndinaudya masiku atatu m'basi mpaka m'kamwa munachita zilonda.

Tinkakhala ku South B, m'kachipinda ka antchito kuseri kwa nyumba ina. Bedi linali limodzi, tinkasinthana mlungu ndi mlungu, wina pabedi wina pansi. A Chikopa ndiwo ankandiwerengera makalata ndi mauthenga a pa foni, ndiwonso ankandilembera mayankho, ndipo ankawonjezeramo mawu achikondi amene ine sindinanene. Lamlungu kutchalitchi tinkakumana ndi ana a kwathu ophunzira m'makoleji. Ankatitcha amalume, n'kumatiseka Chiswahili chathu kuti chikumveka ngati cha munthu wotafuna chinangwa.

Anthu kuno sakhulupirira ndikamati ku Nairobi kumazizira. Juni ndi Julayi kumakhala chiperoni chosatha, dzuwa osaoneka mlungu wathunthu, ndipo nyumba zamiyala zimasunga chisanu ngati mtsuko. N'chifukwa chake olemera ena amafuna kuti pansi pa nyumba pazifunda. Tsiku loyamba a Chikopa atandifotokozera ndinaseka. Akuti madzi amatenthedwa m'boyila, pampu n'kumawayendetsa m'paipi yapulasitiki yoyalidwa mokhotakhota pansi pa simenti, kuti munthu akadzuka aziponda pofunda. Ndinati azungu asowa chochita.

Iwo sanaseke. Anandiuza kuti ntchitoyi ili ndi malamulo awiri. Loyamba, chipinda chilichonse paipi yake ikhale imodzi yosaduka, kuchoka pa bokosi la m'khonde la m'kati mpaka kubwereranso pomwepo, popanda cholumikiza ngakhale chimodzi. Madzi akatentha paipi imatalika, akazizira imabwerera, tsiku ndi tsiku, ndiye polumikiza paliponse pamamasuka. Lachiwiri, simenti isanathiridwe umapopera madzi m'paipimo mwamphamvu n'kusiya tsiku lathunthu, ndipo muvi wa pa geji yoyezera mphamvu ya madzi usasunthe.

"Mpopi wa ku Ndirande ukadontha mumauona, achimwene," anatero. "Uwu simenti ikauma, amene adzauone ndi mwini nyumba, m'chifuwa mwake."

Pa bokosi la mapaipiwo panali pepala lofiira lolembedwa zomwezo. Sindinkatha kuliwerenga, koma sindinganamizire kusaphunzira. Ndinauzidwa ndi pakamwa, m'chinenero changa.

Nyumba imene ndikunenayi inali ku Muthaiga, yakale, yamiyala, kumapeto kwa msewu kumene mitengo ya nkhalango imayambira. Matatu, maminibasi a ku Nairobi, safika kumeneko. Tinkatsikira kutali n'kuyenda m'mbali mwa mipanda italiitali, osakumana ndi munthu kupatula alonda. Mwini wake anali bambo wokalamba kwambiri amene aliyense ankangowatchula kuti Mzee. Akazi awo anali atamwalira chaka chathacho. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, a Wanjiru, ankakhala ku Ulaya, ndipo ndiwo analamula ntchitoyi chifukwa chisanu chinkawapweteka bambo awo m'chifuwa. Pamene tinkagumula pansi, Mzee anasamukira m'kanyumba ka kuseri. Tsiku lonse ankakhala pakhonde lake n'kumatiyang'ana. Dzina langa linawavuta, ankangonditcha kuti Malawi.

Zinachitika masana, anzanga atapita kukadya. Mapaipi onse anali atayalidwa, madzi tapopera kale, galimoto ya simenti ikubwera m'mawa mwake. Ndinkadutsa ndi wilibala ya mchenga pa matabwa amene tinayala m'chipinda chogona cha Mzee. Thabwa limodzi linatsetsereka, mwendo wa wilibala n'kutera pa paipi, chapafupi ndi zenera. Madzi anathovoka n'kundinyowetsa buluku lonse.

Ndinaima pamenepo ndikumva madzi akutsikira m'nsapato. Mkukutu wa paipi umene tinayalawo unali womaliza, ndipo wina ukanatenga miyezi kuti ufike pa sitima ya pamadzi. Kapitawo anali atanena kale kuti woboola paipi asadikire kuuzidwa, angotenga chikwama chake. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali m'dzina la kampani. Ndinaganiza za nyumba yathu imene inali isanafoleredwe.

Chikwama changa cha zipangizo ndinkachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga, yochokera kwathu. Manja anayamba okha. Ndinadula pophwanyikapo, ndinalowetsa kachidutswa ka paipi yamkuwa mbali zonse ziwiri, ndinakulunga mphira mokoka mpaka zala zinachita dzanzi, ndinamanga waya. Inali ntchito yooneka bwino, yabwino kuposa zonse zimene ndinamanga ku Ndirande. Ndinatembenuzira mfundoyo pansi, ndinawazapo mchenga, ndinapukuta madzi ndi thumba la simenti. Nditapopanso, muvi unakwera n'kuima pamalo pake.

M'mawa ndinalawirira, ndinafika ndekha. Muvi unali utatsika pang'ono, ngati kutalika kwa chikhadabo. Ndinapopa katatu. Kapitawo atafika anayang'ana geji n'kugwedeza mutu, a Chikopa anasaina pepala loti paipi zayesedwa, chifukwa pa gulu lathu ndiwo ankalemba bwino. Simenti ya pa zenera paja ndinathira ndekha, ndinasalaza ndekha.

Chaka choyamba sikunamveke kanthu. Pansi anayalapo timatabwa tawo takale topukutidwa bwino, Mzee anabwerera m'chipinda chawo, a Wanjiru anatumiza mawu othokoza. Kwathu nyumba inafoleredwa. Ndinayamba kukhulupirira kuti mphira ya kwathu yagonjetsa malamulo a azungu.

Chisanu chachiwiri chitayamba, kampani inalandira foni yoti m'nyumba muja mukugogoda. Anatuma ine, akuti Mzee amandikonda.

Anandilandira ndi Mama Akinyi, mayi amene ankawaphikira. Sanandilowetse msanga. Anandiimika kukhitchini n'kundiuza motsitsa mawu kuti m'mawa uliwonse, kukangoyera, pansi pamagogoda katatu, kenako pamakhala chete, kenako chinthu chimayenda pansi pa nyumba kuchoka m'khonde kulowera kuchipinda cha Mzee. Chikafika pa zenera chimamveka ngati munthu akumeza madzi movutikira. Iwo anali atasiya kusesa m'chipindamo. Anati mayi a nyumbayo anaikidwa m'manda a m'tauni m'malo mopita nawo kwawo, ndipo munthu wotere sagona.

Nditalowa, fungo ndilo linayamba kundipeza, fungo la dothi longokumbidwa kumene. Kunja kunali nkhungu, m'chipindamo mwa mdima ngakhale anali masana. Pafupi ndi zenera timatabwa tinali titada. Banga lakudalo linali lalitali ngati munthu wogona chammbali atapinda mawondo. Ndinagwada n'kuikapo dzanja. Panali pofunda kuposa pena paliponse, ndi ponyowa pang'ono, ngati pamphumi pa munthu wodwala malungo.

Kumutu kwa bangalo ndi pamene panali mfundo yanga.

Zogogodazo ndinkazidziwa. Madzi akamatuluka penapake, mpweya umalowa m'malo mwake, ndipo pampu ikadzuka m'mawa imakankha mpweyawo m'paipi monse. Ndinapita pa bokosi la m'khonde, ndinatulutsa mpweya, ndinawonjezera madzi. Nyumba inakhala chete. Mama Akinyi anandiyang'ana ngati sing'anga, anandipatsa tiyi wa mkaka ndi mandasi awiri. Kwa kapitawo ndinakanena kuti unali mpweya chabe.

Patatha mlungu kunagogodanso. Ndinapita. Mlungu winawo chimodzimodzi. Linangokhala Lachitatu langa: kutsika matatu, kuyenda m'nkhungu, kutulutsa mpweya, kuthira madzi, kumwa tiyi. Bangalo linkakula pang'onopang'ono, mawondo aja ngati akutambasuka. Kuseri kwa kabati kunamera chuku chakuda. Chinagwira nsapato za Mzee, chinagwira madiresi a malemu amene anali akadali mmenemo.

Tsiku lina tikudya, a Chikopa anandifunsa kuti madzi amene ndikuthira mlungu ndi mlunguwo akupita kuti. Ndinati mwina boyila ikuwamwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili m'mbale.

"Boyila simwa madzi, achimwene. Ndipo dzina lili pa pepala lija ndi langa."

Sanafunsenso. Makalata anapitiriza kundiwerengera, koma polemba mayankho ankangolemba zimene ndanena basi.

Lachitatu lina ndinapeza bedi la Mzee lili lokha, lopanda matiresi. Anali atauza mlonda kuti awatsitsire matiresi pansi, m'mbali mwa banga lija, ndipo ankagona dzanja limodzi lili pamatabwa odawo. Chifuwa chawo chinali chitasintha. Poyamba chinali chouma, cha ukalamba. Tsopano chinkachokera pansi penipeni, ndipo akatsokomola ankakhala kanthawi maso ali psuu, kufunafuna mpweya. Dokotala ankabwera, koma Mzee ankamulandirira pabalaza, chitseko cha kuchipinda atakhoma. Mama Akinyi anamva dokotalayo akufunsa ngati m'nyumbamo muli chinyezi, Mzee n'kuyankha kuti nyumba yawo ndi youma kuposa chipatala.

Ine ndinkadziwa kuti munthuyu akupuma chuku chimene ndinadzala ndi manja anga, ndi kuti chikumudya. Ndinkapemphera kuti chisanu chithe msanga, boyila izimitsidwe. Chaka chimenecho chisanu chinakana kutha.

Tsiku limene ndinalankhula kunali kamvula kowaza. Nditamaliza pa bokosi ndinalowa m'chipinda, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi pafupi ndi matiresi awo. Chiswahili changa chinali chopereweza, koma ndinanena zonse: wilibala, mphira, waya, kupopa katatu kuja. Ndinati chimene chili pansipa si mayi ayi, ndi madzi, ndipo ndi amene akuwadwalitsa. Ndinadikira kuti aitane mlonda.

Anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa. Chitawasiya anapukuta pakamwa.

"Malawi, ine ndayendetsa sitima zamalasha unyamata wanga wonse. Ukuganiza kuti sindidziwa kulira kwa mpweya m'paipi? Ndinakuona tsiku lija. Unalowa wouma, unatuluka buluku lili chonyowa."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenere. Anati Wanjiru akangomva kuti pansi pafunika kugumulanso, sadzawasiya m'kanyumba ka kuseri kachiwiri. Adzawatenga kupita nawo ku Ulaya, ku nyumba yosungira okalamba imene anawaonetsa kale pa chithunzi, ya makatani a maluwa. Anati kumeneko akafa pakati pa anthu osadziwa kutchula dzina lawo. Kenako anaika chikhatho pa banga lija n'kumasisita pang'onopang'ono.

"Mkazi wanga ankagona mbali iyi. Ndikudziwa kuti ndi madzi. Koma m'mawa, ndisanadzuke bwinobwino, ndimakhala ndisakudziwa." Anatembenuka n'kundiyang'ana. "Usauze munthu. Uzingobwera Lachitatu."

Pa bokosi la m'khonde lija chipinda chilichonse chili ndi kampopi kake. Ndikanangopotokola ka chipinda chawo, madzi akanasiya kupita kumeneko, pansi pakanazizira n'kuyamba kuuma. Sizikanafuna chilolezo cha kapitawo, ngakhale sipanala. Potuluka ndinaima pamenepo, ndinakagwira ndithu kampopiko. Kanali kofunda. Ndikanathanso kuuza Mama Akinyi, amene anali ndi nambala ya a Wanjiru. Ndikanatha kuuza dokotala pa geti.

Chimene ndalembera kope lonseli ndi ichi: ndinasangalala. Munthu wodwala, wosokonezeka ndi maliro, anandipempha chinthu chimene chinkamupha, ndipo ine ndinachilandira ngati chikhululukiro chifukwa chinkandipulumutsa. Ndinachotsa dzanja pa kampopi kaja. Popita kokwerera matatu miyendo inali yopepuka, ndinkaimba nyimbo ya kwaya chamumtima. Ndinagula nyama yootcha kuti tikadye ndi a Chikopa. Iwo anati m'mimba simuli bwino, ndinadya ndekha.

Ndinapitanso Lachitatu kanayi. Tinkacheza za sitima. Ankandifotokozera mmene ankakwerera mapiri ndi katundu wolemera, mmene ankamvera ndi phazi kuti injini yatopa. Nkhani zinkaduka pakati chifukwa cha chifuwa, ine n'kumadikira, pansi pathu madzi akuyenda. Lachitatu lachisanu ndinapeza geti lotsegula, matiresi atayanikidwa pa udzu. Anali atawatengera kuchipatala Lolemba. Anamwalira dzuwa litangoyamba kuonekanso, mitengo ya jakaranda isanachite maluwa.

Mama Akinyi sanadikire maliro. Anati m'mawa wa tsiku limene Mzee anamwalira pansi panagogoda kwambiri kuposa kale, ndipo ananyamuka tsiku lomwelo. Panalibe amene anatulutsa mpweya mlungu umenewo, n'chifukwa chake. Sindinawauze.

Nyumba itati igulitsidwe, anthu anaona banga lija, kampani inatuma ine ndi a Chikopa kukagumula. Simenti ya pa zenera inali yofewa, yakuda, inkachoka ndi manja. Mphira ndinaipeza itasanduka phala, waya atadyeka ndi dzimbiri. A Chikopa ndiwo anagwira thumba pamene ndinkaponyamo chidutswacho. Anachiona bwinobwino. Anamanga thumbalo, anakalitaya okha, ndipo kwa kapitawo anati paipi inapindika poyala. Palibe amene anachotsedwa ntchito. Mwezi womwewo a Chikopa anasamukira ku South C kwa anthu ena a kutchalitchi. Tinkagwirabe ntchito limodzi, tinkapatsana moni wa mwadzuka bwanji, koma sanadyenso nane mbale imodzi mpaka ndinachoka.

Ndinakhalako zaka zina ndithu. Ndinayala mapaipi m'nyumba zambiri, ndipo sindinakwirirenso cholumikiza. Geji ndinkaigonera pafupi ngati mwana wodwala, achinyamata a pa kampani mpaka ankanditcha m'busa. Nyumba zimenezo zikufunda bwino mpaka lero, ndikhulupirira. Sizichotsapo kanthu.

Nditabwerera kwathu ndinapeza ana anga ali ndi ana awo. Mwana wanga wamkazi anandigwadira ngati mlendo wa kumpingo. Mayi a kunyumba anali atazolowera kulamula okha, makiyi onse ali m'chiuno mwawo, ndipo m'nyumba imene ndinafolera ndinkachita kufunsa pamene pali supuni. Tsiku lina tikusenda nandolo ndinawafotokozera nkhani yonseyi. Anamvetsera osasiya kusenda. Pomaliza anati munthuyo anali wokalamba kale, ndiponso anandiuza yekha kuti ndisiye, ndiye ine ndikufuna chiyani. Anthu amaganiza kuti munthu ngati ine amamva kugogoda m'nyumba. Sindimva kanthu. Kukachita chiperoni ndimadzuka m'mawa, ndimaponda pansi pozizira, kuli zii.

A Wanjiru ndinaonana nawo kamodzi kokha, tsiku limene tinkagumula lija. Anabwera kudzalongedza katundu wa makolo awo. Tikunyamuka ananditsatira mpaka pa geti, mayi wamtali wa magalasi, maso otupa. Anandigwira manja onse awiri, simenti ili mbuu. Anati mlonda wawauza kuti ndine amene ndinkabwera mlungu uliwonse, kuti bambo awo ankavala malaya abwino Lachitatu podikira ine. Anati iwo anali kutali, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anatha kuwachitira bambo awo ndi mapaipi amenewa, koma tsopano akumva kuti ankadontha, ndiye sakugona. Kenako anafunsa, akunditcha fundi, mmene amatchulira mmisiri kumeneko.

"Ndiuzeni zoona, fundi. Bambo ankamva kuzizira?"

"Ayi, mayi. Pansi pankafunda."

Anatulutsa mpweya wautali, misozi n'kutsika, koma nkhope inamasuka. "Ndiye sindinalakwitse."

"Simunalakwitse, mayi," ndinatero.

Anandithokozanso kawiri. A Chikopa anali ataima patsogolo pang'ono ndi thumba lija paphewa, akuyang'ana kunkhalango, ndipo anadikira mpaka mayiwo atalowa m'nyumba tisanayambe kuyenda.